MGB ya 1966 ikuzima ikatentha, makabuleta a SU andizunguza mutu

Mavuto66:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi galimoto ya MGB ya 1966 ija yopanda denga, inali ya malemu bambo anga ndipo yakhala mu shedi zaka 11 osalira. Chaka chino ndinati ndiidzutse. Ndinakhetsa petulo wakale yense amene amanunkha ngati vanishi, ndasintha oilo ndi fyuluta, ndaika mapulagi atsopano, mapointi, kondensa ndi rota zatsopano za mu distributa (chida chogawira moto ku mapulagi), mabatire awiri aja a 6 volts a kuseri kwa mipando ndaika ena. Injini ndi yake yomwe ya 1798cc, makabuleta (zida zosakaniza petulo ndi mpweya) awiri a mtundu wa SU HS4 sanasinthidwepo. M'mawa ikazizira imalira kamodzi n'kamodzi ndikakoka choki ndipo imayenda bwinobwino mwina mphindi 20, kenako imayamba kutsokomola, kudukiza, ukaponda mafuta imangoti bubububu kenako zii. Ndikaiyesa nthawi yomweyo sitata imazungulira koma osagwira. Ndikadikira mphindi 15 boneti ili yotsekula imalira ngati palibe chachitika. Vuto lachiwiri aidilingi (liwiro la injini usanaponde mafuta) siitsika, ikatentha imakhala pa ma rev 1500 ngakhale nditamasula masikuluwu onse awiri a aidilingi mpaka osakhudza. Ndakhala ndikupotokola manati a pansi pa makabuleta, osinthira kuchuluka kwa mafuta, masabata awiri tsopano ndipo pano sindikudziwanso kuti poyamba anali pati. Ndiyambire pati?

Yamikani GT:
Aise petulo akuwira ameneyo. Injini imeneyi makabuleta ndi ekizozi zili mbali imodzi, makabuleta pamwamba ekizozi pansi pake, ndiye kutentha konse kumakwera kukaphika timakapu tosungira petulo ta makabuleta tija. Taonani ngati chimalata chotchinga kutentha chija chilipo pakati, ndipo ngati kuseri kwake kukadali zija zofewa zimamatidwa pamenepo, nthawi zambiri zimakhala zinayoyoka kalekale. Petulo wa masiku ano wosakaniza ndi ethanol amawira msanga kuposa wa nthawi imene galimotoyo imapangidwa.

Mavuto66:
Chimalatacho chilipo achimwene, chadzimbiri koma chilipo. Zofewazo mbali imodzi zinagwa.

Nambewe:
Musanapite patali yesani zophweka ziwiri. Ikangozima thamangani mukatsekule chitsekero cha thanki mumvetsere, mukamva kuti fyuuu ngati ikukoka mpweya ndiye kuti kabowo kopumira katsekeka ndipo pampu ikulimbana ndi thanki yosapuma. Chachiwiri pampu ya galimoto imeneyi ndi yamagetsi, ili kumbuyo pafupi ndi mabatire, mukatembenuza kiyi imati thi thi thi kenako imasiya timakapu tikadzaza. Ikazima pamsewu tembenuzani kiyi mumve. Ikagogoda mothamanga osasiya ndiye kuti mafuta sakufika kapena ikukoka mpweya, ikangokhala chete osagogoda olo kamodzi mwina mapointi ake a mkati agwirana, koma ikagogoda kawiri katatu n'kusiya ndiye kuti makabuleta ndi odzaza, vuto si la mafuta.

Gogo Sipanala:
Mwana wanga chotsa kaye manja pa manati amenewo. Ndikunena mokoma mtima. SU ndi kabuleta yosavuta kwambiri, muli pisitoni imodzi, singano imodzi, jeti imodzi, ndipo siidzisintha yokha pakatha mphindi 20. Ngati galimoto imayenda bwino ikazizira n'kufa ikatentha n'kudzukanso ikazizira, ine maso anga amapita ku moto kaye, koilo, kondensa, rota. Wanena kuti zonsezo ndi zatsopano, chimenecho ndi chimene chikundidetsa nkhawa, chifukwa zida zambiri zimene zikupangidwa masiku ano m'malo mwa zakale sizolimba, ndaonapo kondensa yatsopano yochokera mu bokosi ikufa tsiku lomwelo. Zakale unachotsazo unataya?

Mavuto66:
Ayi gogo sindinataye, zili mu chitini cha bambo chomwe amasungiramo timabawuti. Koma zoona chinthu chatsopano chingafe chisanathe ndi makilomita 100 omwe?

Gogo Sipanala:
Chingafe. Tsopano uchite izi, ndipo uchite galimoto itazima yokha ili yotentha, osati m'mawa ili bwino chifukwa m'mawa supeza kanthu. Galimoto yako ya 1966 ili ndi geji ya ma rev yamagetsi, imawerenga kuchokera ku mawaya a koilo. Ikayamba kutsokomola uyang'ane muvi wake. Muvi ukagwa pa ziro mwadzidzidzi injini ikadazungulira, kapena ukamadumphadumpha, vuto lili ku mawaya ang'onoang'ono, mapointi, kondensa, switchi ya kiyi kapena kawaya kofewa ka mkati mwa distributa. Muvi ukamatsika pang'onopang'ono limodzi ndi injini ndiye kuti mbali imeneyo ili bwino, tatsala ndi moto waukulu kapena mafuta. Ukaima, solola waya wapakati pa chivundikiro cha distributa, uja wochokera ku koilo, uugwire ndi pulayala ya zogwirira za pulasitiki pafupi ndi chitsulo cha injini mpata wa mamilimita 6, wina alize sitata. Moto uzikhala wabuluu wolira kuti tcha tcha. Kenako ubwezere, uyese chimodzimodzi pa waya wa pulagi. Uchite zimenezi kutali ndi makabuleta, mbali ya distributa, ndipo chozimira moto chikhale pafupi.

Yamikani GT:
Gogo ulemu wanu koma ine ndikukanirabe pa petulo. Yanga imachita zomwezi, ndinakulunga paipi ya mafuta ndi kukonza chimalata chija vuto linatha.

Nambewe:
A Yamikani yanu imazima ikuthamanga kapena mukaima pa mzere wa magalimoto? Chifukwa kuwira kwa petulo kumavuta ukaima kapena ukazimitsa n'kufuna kulizanso patapita mphindi zochepa, pamene mphepo sikulowa mu boneti. Galimoto ikuyenda petulo wozizira amakhala akubwera kuchokera ku thanki nthawi zonse. A Mavuto akuti yawo ikufa ili pa liwiro.

Yamikani GT:
Zoona yanga inali ya pa mzere, ndikaima nthawi yaitali. Chabwino tiyeni tione zimene apeze.

Blessings V8:
Man musavutike, chotsani ma SU onsewo muike kabuleta ya Weber 32/36 imodzi ndi manifodi yake, mwathana nazo. Kabuleta imodzi palibe zobalansa, palibe zothira oilo pamwamba, mumangoliza n'kumapita.

Gogo Sipanala:
Weber ndi kabuleta yabwino, sindikuinyoza. Koma ngati moto ukuthawa ikatentha, uika Weber galimoto izimabe pa mphindi 20 zomwezo. Ndiponso injini imeneyi ili ndi mabowo awiri okha olowera mpweya, masilinda 1 ndi 2 amagawana limodzi, 3 ndi 4 linalo, ndiye SU iliyonse imayang'ana bowo lake molunjika. Manifodi ya Weber yoyang'ana m'mwamba ija imakhotetsa mpweya, mphamvu sumapindula kwenikweni. Ma MGB amenewa, galimoto za ku Abingdon ku England, zinapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, zoposa theka la miliyoni, ndipo zambirimbiri zinayenda moyo wake wonse pa ma SU.

Blessings V8:
Ine ndimangonena za mtendere wa mumtima gogo, si aliyense ali ndi khutu lanu lomvera mpweya pa paipi.

Mavuto66:
A Blessings zikomo koma ndikufuna ikhale momwe bambo anaisiyira, ndikatsekula boneti ndizionamo timitu tiwiri tonyezimira ta makabuleta tija. Ndikukumbukira ndili mwana amandipatsa kabotolo ka oilo kuti ndithire pamwamba pake Loweruka lililonse. Mawa ndiyesa zonse mwanenazi ndibwera ndi yankho.

Mavuto66:
Ndabwera. Ndinatenga mlamu wanga kuti azindilizira sitata. Yazima patatha mphindi 22. Chitsekero cha thanki palibe fyuu aliyense. Pampu inagogoda kawiri n'kusiya, ndinamasulanso zivundikiro za timakapu ta mafuta tonse tiwiri ndi todzaza. Muvi wa ma rev sunadumphe, umatsika limodzi ndi injini. Waya wapakati wochokera ku koilo moto wake ndi woopsa, wabuluu, ukudumpha mpata waukulu ndithu. Koma pa waya wa pulagi palibe kanthu, ndayesa nambala 1 ndi nambala 3, zii. Ndiye moto ukulowa mu distributa koma sukutuluka eti?

Gogo Sipanala:
Eya, wafika pakhomo penipeni. Pakati pa waya umenewo ndi mapulagi pali zinthu ziwiri zokha, chivundikiro ndi rota. Ikazimanso chotsa chivundikiro, ugwire waya wa koilo uja pamwamba pa kachitsulo ka mkuwa ka rota mpata wa mamilimita atatu, mlamu alize sitata. Pa rota yabwino moto sukuyenera kudumpha chifukwa ulibe kopita. Ukadumpha mwamphamvu ndiye kuti rota yabooka mkati, moto ukudutsa mu pulasitiki kupita ku shafuti. Itembenuze uione kunsi. Ndipo undiuze, kachitsulo kamkuwako kanagwidwa ndi riveti?

Mavuto66:
Gogo inu!! Moto wadumpha pa rota ngati ndagunditsa pa bodi. Inde ili ndi riveti, ndipo nditaiyang'ana kunsi ndi tochi pali kamzere kakang'ono kotuwa ngati tsitsi kochokera pansi pa rivetiyo kupita pa kasipuling'i kogwira shafuti. Ndinali nditatenga chitini cha bambo chija, ndatulutsa rota yakale yokandikakandika, ndaipukuta ndi nsalu, ndaika, galimoto yalira pomwepo ili yotentha osadikira olo mphindi imodzi. Ndayenda ola lathunthu ndi mphindi 10 osatsokomola. Mlamu wanga amangoseka ine misozi ili m'maso.

Nambewe:
Koma ndiye zasangalatsa. Rota zimenezo zavutitsa anthu ambiri, riveti imakhala pafupi kwambiri ndi shafuti ndipo pulasitiki yake ikatentha imayamba kudutsitsa moto, ikazizira imasiya, n'chifukwa chake mumadikira mphindi 15. Mukamagula ina yosungira funani yopanda riveti, imene mkuwa wake anauumbira mu pulasitiki momwemo.

Yamikani GT:
Ndagonja, gogo anaona patali. Komabe chimalata chija mukonze achimwene, nyengo yotentha mudzandikumbuka.

Mavuto66:
Ndikonza ndithu. Tsopano tatsala ndi aidilingi ya 1500 ija komanso manati amene ndinasokoneza. Ndamasula mapulagi, 1 ndi 2 ndi akuda bii ndi mwaye, 3 ndi 4 ndi oyera mbuu.

Gogo Sipanala:
Mapulagi akuuza okha, kabuleta ya kutsogolo ikumwetsa mafuta ambiri, ya kumbuyo ikumana. Yoyera ija ndiye yoopsa, imatha kuotcha mavavu, usathamange nayo kaye. Koma makabuleta ndi omaliza, ndondomeko yake ndi iyi. Yamba mavavu injini ili yozizira, mpata wake 0.015 ya inchi, ndiye kuti 0.38 mm, onse 8. Njira yosavuta ndi ya 9, vavu nambala 8 ikatsika yonse umachuna nambala 1, ya 7 ikatsika umachuna 2, choncho choncho, manambala awiriwo aziphatikizana kukhala 9. Kenako mapointi, mpata 0.015 omwewo. Mapulagi 0.025 ya inchi. Mawaya atsatane 1-3-4-2 mozungulira mobwerera kumanzere. Ukadali mu distributa gwira rota uipotoze pang'ono mbali imene imazungulira n'kuisiya, ikuyenera kubwerera yokha. Galimoto yogona zaka 11 timiyala ta mkati mwa distributa tosuntha taimingi tija timauma, tikakanirira potseguka taimingi imakhala patsogolo ndipo aidilingi imakwera. Dontheza oilo madontho awiri atatu pa sikuluwu ya pansi pa rota. Uyamwenso kapaipi ka vakyumu uone ngati mbale ya mapointi ikusuntha. Ukatero ika taimingi, pa injini yako timano toonera tili kunsi kwa pule ndiye uyenera kugona pansi, dzino lalitali ndi TDC, pamene pisitoni ya injini yafika pamwamba penipeni, ena awiriwo madigiri 5 ndi 10 isanafike pamenepo. Yambira pa 10 injini itazima, kenako pamsewu ukamva kulira ngati timisomali mu chitini pokwera mtunda ubweze pang'ono.

Chisomo Mk1:
Ndiwonjezereko pa aidilingi. Masikuluwu akamasulidwa onse koma injini ikadathamanga ndiye kuti pali china chake chikugwira chitseko cha mpweya kuti chisatsekeke. Onani kebulo ya mafuta ngati ili ndi kampata, isakhale yokoka. Onani timasikuluwu tina tiwiri ta choki timene timakhudza kamu, choki ikabwezedwa tisamakhudze. Onaninso kandodo kolumikiza makabuleta awiriwa, kali ndi timanati tomanga, ngati wina anamanga kabuleta imodzi ili yotsekuka pang'ono ndiye kuti inzake ikatseka iyo imatsala. Komanso mukabweza choki pisani chala pansi mukankhe jeti iliyonse m'mwamba, ikati kwatsu kukwera ndiye kuti imakanirira pansi, imeneyo ingakhale nkhani ya mapulagi akuda aja.

Mavuto66:
A Chisomo mwalasa. Jeti ya kutsogolo imatsalira pansi pafupifupi mamilimita atatu, ndikaikankha imakwera. Ndaitsuka ndi kudzoza timfundo take tsopano ikubwerera yokha. Ndipo nditamasula timanati ta kandodo kaja ndinamva kabuleta ya kumbuyo ikuti kha kutseka, aidilingi inagwa mpaka injini kuzima. Mavavu ndachuna, atatu anali othina kwambiri. Timiyala ta distributa tinali touma ndithu koma tamasuka. Tsopano manati aja ndiwabwezere bwanji?

Gogo Sipanala:
Tsopano nthawi yake yakwana. Chotsa zosefera mpweya. Masula timitu tiwiri tija koma chimodzi chimodzi, usasakanize, pisitoni iliyonse inapangidwira mutu wake ndipo ukasinthanitsa sizitsika mofanana. Tsuka ndi petulo ndi nsalu yofewa basi, sandipepa asayandikire, ukapala mkatimo waononga mpata umene kabuleta imagwirira ntchito. Singano uione ngati ili yowongoka ndipo phewa lake likhale lofanana ndi kunsi kwa pisitoni. Pisitoni ili kunja, mangitsa nati ya pansi mpaka mutu wa jeti ufanane ndi kamlatho ka mkati mwa kabuleta, kenako masula kawiri kathunthu, ndiye kuti mbali 12 za nati. Uchite chimodzimodzi ku inzake. Pamenepo ndi poyambira, injini iliyonse yabwino imalira pamenepo. Ukabwezera, kweza pisitoni ndi chala uisiye, izigwa yokha n'kulira kuti kha pa kamlatho. Ikapanda kulira ndiye kuti singano ikukhuza jeti, uyenera kumasula nati yaikulu yogwira jeti n'kuiika pakati. Thira oilo pamwamba, SAE 20 ngati ulinaye, apo ayi wa injini yemweyo, afike pafupifupi sentimita imodzi pamwamba pa kapaipi ka mkati. Oilo ameneyo ndi amene amachedwetsa pisitoni ukaponda mafuta mwadzidzidzi kuti injini ilandire mafuta okwanira, akatha galimoto imajejema ponyamuka.

Gogo Sipanala:
Ndapitiriza. Liza injini itenthe bwinobwino, kandodo kolumikiza kaja kakadali komasula. Tenga kapaipi ka labala, mbali imodzi ku khutu, inayo pakamwa pa kabuleta, malo ofanana ku zonse ziwiri. Umva mpweya ukuti sssss. Sintha masikuluwu a aidilingi mpaka kulira kufanane, uku ukutsitsa injini ifike cha m'ma 700 kapena 800. Ukatero pita ku mafuta. Pansi pa kabuleta iliyonse pali kapini kokwezera pisitoni, kakankhe mpaka kakhudze kenako ukweze pang'ono kwambiri, osafika milimita imodzi. Injini ikakwera n'kukhala pomwepo mafuta achuluka, mangitsa nati ikwere. Ikatsika ngati ikufuna kuzima mafuta achepa, masula nati itsike. Ikakwera pang'ono n'kubwerera pomwe inali ndiye zili bwino. Uzisuntha mbali imodzi ya nati pa nthawi, ulembe pa pepala, ndipo pakati pake uziponda mafuta pang'ono kuti injini itsuke kukhosi. Pali kapaipi kolumikiza mbali ziwiri za manifodi ndiye ukasintha imodzi inzake imamvanso, uzibwerera uku ndi uku mpaka zikhazikike. Pomaliza manga kandodo kaja kusiya kampata kakang'ono kofanana mbali zonse kuti zizitsekuka limodzi.

Blessings V8:
Mwaona zimene ndimanena, ndime ziwiri zathunthu za kabuleta basi. Koma ndikuvomera ndaphunzirapo, za mbali 12 sindimazidziwa.

Mavuto66:
Ndachita zonse dzulo madzulo. Ya kutsogolo yakhazikika pa mbali 13. Ya kumbuyo ikufuna mbali 17 kuti kapini kayankhe bwino, ndipo aidilingi ikumasinthasintha, nthawi zina 800 ndikaponda n'kusiya imabwerera pa 1000. Kusiyana kumeneku ndi kwabwinobwino?

Chisomo Mk1:
Ayi kwachuluka, ikuba mpweya penapake. Injini ikulira fayirani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta pa magasiketi a manifodi ndi pamene shafuti ya chitseko imatulukira mbali zonse, kulira kukasintha mwapeza pobowoka. Pang'ono pokha chonde, ekizozi ili pansi pomwepo. Kapena injini itazima gwirani shafutiyo muigwedeze m'mwamba ndi pansi.

Mavuto66:
Shafuti ya kumbuyo ikugwedera moti ndikumva ndi kuona, ya kutsogolo pang'ono chabe. Ndinapaka girizi wokhuthala mbali zonse ziwiri kuti ndiyese, aidilingi inakhala phee pa 800 ndipo ndinabweza nati mpaka 14.

Gogo Sipanala:
Wayesa mwanzeru. Girizi akugwira masiku ochepa chabe, mankhwala ake ndi shafuti yatsopano, ndipo ngati thupi la kabuleta ladyekanso pamafunika mabushi. Ntchito ya mabushi usaichite ndi dirilo ya pamanja, mabowo awiriwo ayenera kuboolodwa pa mzere umodzi pogwiritsa ntchito chida chotchedwa rima, apo ayi chitseko sichidzatsekanso bwino. Upereke kwa wa makina amene anaichitapo, ndipo upereke zonse ziwiri nthawi imodzi. Pomanga, timasikuluwu ta chitseko usatimange kaye, utseke chitsekocho chikhale pakati chokha, uyang'anire pa dzuwa ngati kuwala sikukudutsa m'mbali, ndiye umange n'kutambasula nsonga zake kuti tisadzamasuke kugwera mu injini.

Nambewe:
Makabuleta akapita kokonzedwa mugwiritse ntchito nthawi imeneyo pa zimene zingakupheni. Ya 1966 mabuleki ake ndi a dera limodzi, paipi imodzi ikaphulika mawilo onse anayi alibe buleki, mwatsala ndi handibuleki. Mapaipi atatu a labala aja, awiri kutsogolo imodzi kumbuyo, asintheni osayang'ana nkhope, pamodzi ndi mafuta a buleki onse. Mapaipi a labala a petulo chimodzimodzi, akale salimbana ndi ethanol. Onaninso kuti timapaipi totayira petulo wosefukira pa timakapu tija tilipo ndipo tikutsikira kupitirira ekizozi. Matayala a zaka 11 ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano ndi ouma. Ndipo galimoto imeneyi ilibe chasisi yapadera, mphamvu yake ili mu zitsulo za pansi pa zitseko, makamaka yopanda dengayi. Tengani sikuludiraiva mugogode pansi ponse kuyambira kuseri kwa wilo la kutsogolo mpaka la kumbuyo, muonenso ngati mpata wa chitseko ukusintha mukaikweza pa jeki.

Mavuto66:
Mayi Nambewe ndagogoda. Mbali ya dalaivala ikulira bwino ngati chitsulo chamoyo. Mbali inayo chakumbuyo pafupi ndi pokwezera jeki sikuludiraiva yalowa yonse mpaka chogwirira, ndipo dzimbiri lagwa lodzaza dzanja. Chitseko chikutsekabe bwino, mpata sunasinthe nditaikweza. Ndajambula zithunzi zinayi ndi tochi ndiziika madzulo ano. Funso langa ndi lakuti powotcherera pamenepo thanki ndi pampu ndichotse kaye, nanga zitseko ndizisiye pomwepo kapena ndiwotcherere chitsulo chopingasa pakhomo ndisanadule?

Gogo Sipanala:
Pampu, mabatire ndi paipi ya petulo zichoke, thanki nayonso itsike ikakhale panja. Chitseko chisiye pomwepo, ndi chimene uziyezera mpata, koma chopingasacho uwotcherere mkati usanadule kalikonse, ndipo galimoto ikhale pa malo osalala. Pamenepo pali zitsulo zingapo zosanjikizana, chakunja chimabisa zamkati, ndiye tumiza zithunzizo tione kuti dzimbiri lalowa mpaka pati. Ujambulenso ndi pansi pa kapeti mbali imeneyo.